Nkhanga ya Zala Ziwiri

Salome, mkazi wa Januario wosula makasu ku Nsaru, sanandipatse ndi moni yemwe. Anandipeza pakhonde panga ku Namitete ndikumata chubu cha njinga, n'kungoponya chibenthu cha khasu pamapazi panga, ngwe!

"A Sajeni, paja mboni munali inu. Kodi mboniyo yagona?"

Dzina langa ndine Wilfred Kamphinda, koma kuchokera ku Mpingu mpaka ku Nambuma anthu amangoti a Sajeni, poti ndinagwira upolisi ku Zomba ndi ku Lilongwe mpaka bondo lakumanzereli linandikana. Ndipo ndinene msanga, ine kugona pa mlandu sindinagonepo. Ndinamuuza mayiyo kuti akhale pamkeka ayambe wapuma, chifukwa mapazi ake anali mbuu ndi fumbi la Okutobala. Chinali chaka cha 1937.

Umboni umene ankanenawo ndi uwu. A Ignatius Chikoti, mmisiri wosula wa pa Namitete pano, anali ndi chidindo chachitsulo chimene ankadinda pakhosi pa khasu lililonse lotuluka m'chipala mwawo: phazi la nkhanga, zala zitatu. Mlimi akaona phazi limenelo sankafunsanso zambiri, chifukwa khasu la nkhanga linkalima mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana, koma osathyoka. Mkuluyo atayamba kutopa, analola Januario, amene anamuphunzitsa yekha ntchito, kuti atenge chidindocho azikasulira kwa mkazi wake ku Nsaru. Pangano linali lapakamwa, ine ndili pomwepo. Januario azigulitsa ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma. Pa makasu khumi alionse, limodzi azitumiza kwa a Chikoti. Msika wa Namitete asauponde, poti ndi kumene mkuluyo ankagulitsirako makasu a gawo lakewo.

Januario anauponda. Tsiku lina anabwera ndi thumba lodzaza, anthu anamuunjikira, a Chikoti n'kubwerera kunyumba ndi makasu awo osagulidwa. Mkuluyo anapsa mtima, anatuma Wyson, mwana wa mlongo wawo, kuti akalande chidindo ku Nsaru mpaka adzakambirane. Zikanathera pomwepo, ikanakhala nkhani yotha ndi chipanda chimodzi cha thobwa. Koma pasanapite nthawi makasu a nkhanga anayamba kuthyoka m'minda ya ku Mpingu, ndipo lina linang'amba mwendo wa mayi wina.

"A Chikoti akuti mwamuna wanga anasula zinyalala dala asanapereke chidindo, kuti aipitse dzina lawo," anatero Salome. "Lamlungu likubwerali, Misa ikatha, akalengeza pabwalo la tchalitchi kuti pangano lafa ndipo Januario ndi wonyenga. Ndani adzagulanso khasu kwa iye? Wanena kuti angopita ku Halale. A Sajeni, bambo anga anapita ku Halale ine ndikuyamwa, nkhope yawo sindiidziwa. Ndikuopa ine. Ana anga asakule choncho."

Ndinatola chibenthu chija, chimene mlimi wina wokwiya anakachiponya pakhomo pawo. Makasu othyoka ndawaonapo ambiri. Amabenthuka kukamwa, kapena amathyoka mchira umene umalowa mumpini. Ili linathyokera pakhosi, pa phazi la nkhanga penipeni.

Chubu chija ndinachibwezera m'tayala chisanaume bwino.

* * *

Mayi wovulala uja, a Theresa a ku Mpingu, ndinawapeza pakhonde pa chipatala cha mishoni, mwendo ataukweza pamtondo wogona. Mayi ameneyu pakamwa pake sipafuna kukankha.

"Ndinu apolisi opuma aja? Bwerani muone, musachite manyazi, mwendo ndi mwendo! Onani msongolo wangawu. Kungokhapa kamodzi, kachiwiri, kachitatu ndangomva thyo! Magazi ngati tapha mbuzi. Anzanga akupanga mizere, ine ndili pano kuwerenga ntchentche. Mvula ikagwa ndidzadya chiyani? Januario ameneyo ndikamuona ndimuluma khutu!"

"Munagula kwa iye mwini?"

"Ndikamuona kuti ine? Ndinagula kwa Jonasi, woyenda ndi dengu la mchere ndi singano uja. Anati awa ndi a ku Nsaru, atsika mtengo chifukwa mwini wake wayambana ndi abwana ake."

"Simunaligogode kuti mumve kulira kwake?"

"Ndigogoderenji, nkhanga ili pomwepo? Amayi anga ankagogoda khasu asanagule, ife tinaleka kalekale chifukwa cha a Chikoti."

"Zibenthuzo munataya?"

"Nditaye umboni? Mukundiyesa mwana?"

Anasolola kansalu pansi pa mkeka n'kumasula. Zibenthu zonse ziwiri zinalipo. Ndinazilumikiza pabondo panga, phazi lija linaoneka lonse, ndipo ndinamva kukoma kumene ndinkamva kale ndikaona mbala yayamba kuchita chibwibwi.

"Mayi, nkhanga ya a Chikoti ili ndi zala zingati?"

"Zitatu. Ndi mwana yemwe akudziwa."

"Tawerengani izi."

Anayandikitsa nkhope, anapenyetsetsa, n'kuwomba m'manja. "Iii! Nkhanga yapunduka! Chala chapakati chili kuti?"

* * *

Ku Nsaru ndinafika m'mawa mwake bondo likundilalatira. Chipala cha Januario chinali zii, nkhuku zikupalasa paphulusa. Mwini wake anali atakhala pamwala wosulirapo, akusoka nsapato za matayala zoti ayendere ulendo. Ndi munthu wamkulu thupi koma woumira mawu, ukamufunsa funso uyenera kudikira ngati ukudikira nyemba zipse.

"Ku Namitete unagulitsa?"

"Ndinagulitsa."

"Pangano unaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndinalakwa."

"Nanga makasu akuthyokawa?"

"Si anga."

"Aliyense amene ndinamumangapo ankatero. Ndionetse."

Anatambasula dzanja, ndinamupatsa zibenthu za a Theresa. Anazigogoda ndi kanyundo, zinangoti phwa, phwa. Kenako anatapa mchenga n'kupukuta kwambiri pafupi ndi mchira. Pansi pa mwaye wakuda panatuluka utoto wobiriwira.

"La m'sitolo," anatero. "Lopyapyala lija. Analifukiza pautsi kuti lide ngati lathu."

"Nanga lathyokeranji pa nkhanga?"

Apa ndiye munthu uja anayankhula mawu ochuluka kuposa a mwezi wathunthu. "Chidindo timadinda chitsulo chili psuu, chisanalowe m'madzi. Chimalowa ngati chala m'dothi lonyowa, kumenya kamodzi basi. Uyu anadinda chozizira. Anamenya, anamenyanso, mpaka khosi linachita mng'alu wosaoneka. Wosula aliyense, ngakhale woledzera, sangachite zimenezo. Ndi chidindo chomwe chimapweteka."

"Chimabenthuka?"

Anayang'ananso phazi lija, ndipo ndinaona nsagwada zake zikulimba. Anali asanaone kuti chala chimodzi palibe.

"Chidindocho chinachoka muno chili chathunthu?" ndinamufunsa.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu latsopano, losalowetsa mpini.

"Ili ndi la apongozi anga. Ndinalidinda Lolemba lija Wyson atafika kale. Ndinamupempha adikire ndimalize, anakhala apo akudya mtedza. Chidindo ndinamupatsa chikadali chofunda."

Zala zitatu, zakuya, zosalala m'mbali.

"Pochoka anati akulowera kuti?"

"Anati akulunjika ku Namitete, atsibweni ake akudikira."

"Bwanji sunapite kukanena zimenezi kwa a Chikoti?"

"Munthu amene anandilera pachipala wakhulupirira kuti ndingavulaze mlimi. Ndikanenenso chiyani?" Anatolanso nsapato yake ija. "Mtima wanga wawawa, a Sajeni."

Ndinamulanda nsapatoyo n'kuiponya padenga la khola. Ndinamuuza kuti Loweruka masana ndimupeze ku Namitete, ndipo akapanda kubwera ndidzamutsatira mpaka ku Halale konko ndi bondo langa lomweli.

* * *

Jonasi wa mchere ndinamupeza ku Mpingu pansi pa mtengo wa mkuyu, akunyengerera amayi kuti singano zake sizichita dzimbiri. Atangondiona anayamba kulongedza.

"A Sajeni! Bwana wanga! Mwanenepatu, ukalamba ukukuopani. Ine ndinali pomanyamuka kumene, kuli maliro kwa azakhali."

"Azakhali ako aja anamwalira chaka chatha ndikukufunsa za mbuzi? Khala pansi."

Anakhala.

"Makasu a nkhanga unawatenga kuti?"

"Makasu? Ine? Ine ndi wa mchere, bwana, Mulungu akuona. Chabwino, mwina awiri. Mwina thumba. Koma ine ndinangothandiza munthu, ndine wachifundo kuyambira kubadwa."

"Munthu wake ndani?"

"Mlendo, bwana. Nkhope yake ndi ya anthu onse. Anati watumidwa ndi Januario."

"A Theresa akufuna khutu la munthu. Ndikawauza kuti la Januario lili kutali, lako lili pafupi."

Jonasi anagwira khutu lake osadziwa. "Dzina sanatchule, ndikulumbira. Wamtali, wa chipewa cha nthenga, njinga ya belu. Anafika Lachiwiri, anagona kwa mnzanga wophika mowa kuseri kwa sitolo. Lachitatu tsiku lonse kudambo kuja kunkamveka kugogoda, ife tinkati wina akukonza ngolo. Madzulo ake ndi uyu wabwera ndi thumba."

"China chimene unaona?"

"Ankapatsa moni ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere atalibisa m'thumba la jekete, kutentha konseku. Pomanga thumba analitulutsa. Chala chachikulu chinali chotupa ngati mbatata, chikhadabo chakuda bii. Ndinamufunsa, anati njinga inamuluma."

Ndinaseka mpaka amayi a singano aja anatembenuka. Chitsulo chozizira sichilandira chidindo, chimachibweza, ndipo nyundo ikaterereka imapeza chala cha wogwirizira. Chipewa cha nthenga pa Namitete ponse chinali chimodzi.

* * *

Loweruka masana tinakumana pachipala chakale cha a Chikoti, pansi pa chisakasa cha udzu. Mkuluyo anakhala pampando wake wachikopa, ndodo pakati pa miyendo, nkhope itayang'ana kumsewu. Wyson anaima kumbuyo kwawo, chipewa chake cha nthenga chili pamutu, dzanja lamanzere m'thumba. Januario ndi Salome anakhala pansi chapatali. A Theresa anabwera pa ngolo ya mlamu wawo, anati nkhani imeneyi sangaimvere kwa anthu.

"Sajeni," anatero a Chikoti, "ngati wabwera kudzandipepesera munthu uyo, wataya nthawi. Dzina limeneli ndalisula zaka zambiri kuposa zimene iye wakhala ndi moyo. Mawa ndikalankhula."

"Mukalankhula, bambo, pakamwa ndi panu. Ine ndangobwera ndi mafunso awiri atatu kwa a Wyson. Achimwene, chidindo munachitenga Lolemba. Kuno munafika liti?"

Wyson anamwetulira. Ndi mnyamata wa mawu osalala, woti akhoza kukugulitsa mvula. "Lachisanu, a Sajeni. Atsibweni akudziwa. Malungo anandigwira panjira, ndinagona kwa mnzanga ku Kabudula. Ndinatsala pang'ono kufa, anthu inu."

"Pepani kwambiri. Koma kuchoka ku Nsaru kubwera ku Namitete, Kabudula ali panjira?"

"Mutu unali utazungulira ndi malungo."

"Unazunguliradi, mpaka unakufikitsani ku Mpingu. Jonasi akupereka moni, akuti chala chili bwanji?"

"Jonasi ndi wabodza, dziko lonse likudziwa."

"Zoona, ndi wabodza. Tulutsani dzanjalo timuchititse manyazi."

Sanalitulutse. A Theresa anayamba kudzikoka pa ngolo paja kuti atsike, mlamu wawo n'kuwagwira.

Ndinawasiya a Wyson ali chiimire, ndinagwada pafupi ndi mkulu uja. Ndinali nditaona kale momwe anandilandirira, kuyang'ana kumene kukuchokera mawu osati kumene kuli munthu, ndipo ndinadziwa chifukwa chake chidindo chinabwerera m'manja mwawo iwo osaona kanthu. Sindinawauze kuti ayang'ane. Ndinangowaika khasu la apongozi a Januario m'manja.

"Ili linadindidwa Lolemba, a Wyson akudya mtedza pambali. Eti, a Wyson?"

Wyson anangoti kukhosi, mm.

Chala chachikulu cha a Chikoti chinayenda pakhosi pa khasulo. Analigogoda ndi mphete ya ndodo yawo, linalira ngweee, ndipo nkhope yawo inafewa pang'ono asanaikumbukire kuti ndi yokwiya.

"Tsopano ili, limene linavulaza mayi awa."

Chala chinayendanso. Chinaima. Chinabwerera.

"Chidindo chili kuti, bambo?"

Anapisa m'kathumba kachikopa ka m'chiuno n'kuchitulutsa. Anapapasa kumutu kwake nthawi yaitali.

"Wyson," anatero osatembenuka, "nkhanga yanga waithyola chala ndiwe?"

Ndinkayembekeza kuti akana, poti ambiri amakana mpaka pakhomo pa ndende. Koma mnyamatayo anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Inde ndine! Ndipo munene, atsibweni, mwana wa mlongo wanu ndani, ine kapena uyo? Chipala ichi mwini wake mawa ndani? Munatenga chuma cha pamtundu pathu n'kukapatsa munthu wobwera, ine ndizingotumidwa ngati kapolo. Ndinafuna muone kuti mlendo ndi mlendo!"

"Ndinakuika pachipala uli mnyamata," anayankha mkuluyo mwapansipansi. "Unati utsi ukukuwawa m'maso. Ukanakhala mwezi umodzi wokha, ukanadziwa kuti chitsulo chozizira sachidinda."

Kenako anaweramitsa mutu. "Ndachita manyazi, Sajeni. Ndikanakaima pa tchalitchi mawa n'kupha munthu wosalakwa ndi pakamwa pangapa."

* * *

Wina akanati mlandu watha. Ayi ndithu. Kugwira wolakwa ndi ntchito yophweka, ndaichita moyo wanga wonse. Chovuta ndi kubweza anthu awiri amene anyozana kuti adyerenso m'mbale imodzi, ndipo Januario anali asanasunthe pamene anakhala.

Za Wyson zinatha msanga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndinaona kuti mkuluyo sangapereke mwana wa mlongo wake kuboma. Ndinati mwini bala ndiye anene. A Theresa sanachedwe.

"Akapita kundende andilimira ndani? Abwere kumunda kwanga. Apange mizere, abzale, apalire, abandire, mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe. Ndidzakhala pachulu ndi mwendo wangawu kumuyang'anira. Akathawa tsiku limodzi, a Sajeni mudzamutengere ku Lilongwe. Ndipo chipewacho asiye, mbalame zingamuzolowere ngati mnzawo."

Wyson anavomera, maso ali pansi. Njinga yake ya belu inatsala m'manja mwanga ngati chikole.

A Chikoti anatambasula dzanja lokhala ndi chidindo chobenthuka chija kuloza kumene ankaganiza kuti kuli Januario. Analoza pambali pang'ono.

"Tenga, mwana wanga. Tibwerere pomwe tinali."

"Ayi, bambo."

Salome anamugwira mwamuna wake pamkono, maso ali tong'o.

"Pomwe tinali ndi pomwe patifikitsa pano," anatero Januario. "Ndiyambe ndi mlandu wanga. Ndinagulitsa pa msika wanu, ndinakudyerani pakamwa. Makasu amene munabwerera nawo tsiku lija ndidzakugulitsirani ndekha, ndipo ndidzaonjezapo ena. Koma nanunso munamva za ine kwa anthu, osandiitana. Pangano lakale linalibe mawu onena chochita tikayambana. Ngati tipangana, tipangane latsopano."

"Nena," anatero mkuluyo.

Anakambirana mpaka mthunzi wa chisakasa unafika pamsewu, ndipo sikunali kunyengererana. Januario anati ku Nsaru ndi ku Kabudula anthu sagula khasu fodya asanagulitsidwe, n'chifukwa chake anathamangira ku Namitete, choncho amulole msikawo. A Chikoti anakana, anati ndiye iwo adya chiyani. Januario anati pa makasu ogulitsidwa ku Namitete gawo la mkuluyo likhale awiri pa khumi, kwina konse likhale limodzi monga kale. Mkuluyo anati atatu. Januario anati makala akwera mtengo ndipo zitsulo za malole akale amakazigula ku Lilongwe ndi miyendo yake. Anagwirizana pa awiri, koma a Chikoti anaonjeza mawu awo: khasu lililonse lobwera pa Namitete liziyamba lafika pachisakasa pano, aligogode okha, limene silikulira bwino libwerere kumoto popanda mkangano. Januario anati zimenezo wazikonda.

Ine monga mboni ndinaikapo langa limodzi. Wina akamva choipa cha mnzake, ayambe wamuitana pamaso pa mboni asanauze munthu wina aliyense, ndipo chidindo chisadzayendenso m'manja mwa wotumidwa. Onse awiri anati eya.

"Nanga alimi a ku Mpingu amene anagula zinyalala zija?" anafunsa a Theresa. "Mwatiiwala?"

"Aliyense wobwera ndi khasu la zala ziwiri alandira lenileni, osalipira," anatero Januario. "Sindinawanyenge ine, koma anagula chifukwa cha nkhanga. Ntchito ndi yanga."

"Chitsulo ndi makala ndi zanga," anatero a Chikoti. "Ndipo mawa pa tchalitchi ndikalankhulabe. Ndikanena kuti ndinalakwira munthu."

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo tonse tinkachidziwa. Chidindo chobenthuka sichikanagwiranso ntchito, poti chizindikiro chake chinali chitasanduka cha wonyenga. Pankafunika chatsopano, ndipo pa dziko lonse lino amene ankadziwa kusema phazi lija pamutu pa chitsulo anali a Chikoti okha.

Mkuluyo anatembenuza chidindo chakale m'manja. Kenako ananena zimene anabisira mudzi wonse, mwina ndi mkazi wawo yemwe.

"Januario, maso anga anatha. Moto ndimauona ngati chinthu chofiira patali, basi. Sindingathe kusema china."

"Ndinadziwa kale, bambo. Chaka chatha munandipatsa mbaniro m'malo mwa nyundo."

"Ndiye unangokhala chete?"

"Simunandifunse."

Mkuluyo anaseka, misozi ikutsika, ndipo ine ndinayang'ana kumbali ngati ndaona kanthu pamsewu. Wapolisi wakale salira pagulu.

"Usema iweyo," anatero a Chikoti. "Ndizikuuza ndi pakamwa, chala changa chizikuyesa. Ndipo pambali pa phazilo uikepo kako, kaya kadontho kaya kamzere, anthu adziwe kuti nkhanga ili ndi mwana. Yatsa moto."

"Lero lomwe?"

"Mvula ikudikira iwe? Munda wa mayi awa ulimidwa ndi chiyani Lolemba, chipewa cha Wyson?"

Januario anadzuka, anafukula makala akale pachipala paja, Salome anathamangira kukapala moto kukhitchini. Atafuna woti agwire mvukuto, Januario anayang'ana kwa Wyson, kenako kwa ine. Koma a Chikoti anali atatsika kale pampando wawo wachikopa. Anakwawa ndi mawondo, akupapasa pansi, mpaka anapeza zikopa za mvukuto, n'kukhala pafumbi pamalo pamene amakhala wophunzira.

"Bambo, apo si panu," anatero Januario.

"Wosula lero ndani?" anafunsa mkuluyo, manja atayamba kale kukwera ndi kutsika. "Ika chitsulo pamoto, mmisiri. Ukandiuza kuti ndifulumire, ndifulumira."